Ndapeza pepala la usilikali losainidwa ndi Lincoln pa madola 850, ndigule?

Funso lachokera kwa achimwene ena omwe amakhala ku Indiana, ku America. Akuti analowa mu shopu ina yogulitsa zinthu zamakedzana nkupeza chipepala chachikulu chili mu felemu, pamwamba chiwombankhanga, pansi mbendera ndi mizinga, chakumunsi kuli dzina loti Abraham Lincoln looneka ngati lolembedwa ndi dzanja, pafupi pake lina la Edwin M. Stanton, chaka chake 1862. Mwini shopu akufuna madola 850 ndipo akuti pali kasetifiketi kotsimikiza kuti ndi chenicheni. Akufunsa ngati agule, komanso kuti munthu amayamba bwanji kutolera mapepala amtunduwu osapusitsidwa.

Achimwene, ndalama zanu zikhale kaye mthumba. Sindikunena kuti ndi feki chifukwa sindinachigwire, koma mtengowo wokha ukundidetsa nkhawa. Pepala lotere limatchedwa komishoni, ndi lopatsa msilikali udindo wa ofesala, ndipo komishoni yeniyeni yosainidwa ndi Lincoln, ngakhale ya ofesala yemwe palibe akumukumbukira, imapita pa madola masauzande angapo ku okushoni, ndipo munthu amene ali ndi shopu ya zamakedzana ku America sangakhale kuti sakudziwa zimenezi, foni ali nayo ndipo mitengo ili pa intaneti poyera. Ndiye akamakupatsani pa 850 pali zinthu zitatu zomwe zingakhalepo, kaya ndi kope yosindikizidwa chabe yomwe anaikongoletsa ndi felemu, kaya ndi pepala lakaledi koma siginecha ndi yochita kuwonjezera, kaya ndi yeniyeni koma inaonongeka kwambiri moti odziwa anaikana. Mwayi woti mwatola chikwama ulipo, zimachitika, koma ndi wochepa zedi ndipo simungaudziwe poyang'ana siginecha yokha. Anthu ambiri oyamba kumene amalakwitsa pamenepa, maso amathamangira pa dzina la pulezidenti pomwe ilo ndi lomaliza kuliona. Pepala lonse limayankhula, ndipo wopanga feki amatha kuphunzira dzanja la Lincoln bwinobwino koma kawirikawiri amagwa pa tizinthu tina tomwe sanatiganizire.

Tiyambe ndi chomwe pepalali lili. Malamulo aakulu a dziko la America, pa Article II, amanena kuti pulezidenti ndi amene azipereka komishoni kwa maofesala onse a boma la United States. Ndiye munthu akasankhidwa kukhala lefutenanti, kaputeni kapena jenerali mu gulu lankhondo la boma, dzina lake limapita ku nyumba ya Senate, akavomereza ndiye pepala limalembedwa, pulezidenti nkusaina ndi dzanja lake, nduna ya zankhondo nkusainanso. Mawu ambiri amakhala osindikizidwa kale, kalaliki amangodzaza dzina la munthu, udindo, gulu lake ndi madeti. Mawuwo amanena kuti pulezidenti akuika chikhulupiriro chapadera pa kukonda dziko, kulimba mtima, kukhulupirika ndi luso la munthuyo, kenako akulamula onse omwe ali pansi pake kuti azimumvera. Ngati munaonerapo mwambo wa ku MAFCO ku Salima pomwe ma ofesala atsopano amalandira udindo pamaso pa pulezidenti, maganizo ake ndi omwewo, mphamvu ya ofesala imachokera kwa mtsogoleri wa dziko ndipo pepala ndi umboni wake.

Chifukwa chomwe za Lincoln zilipo zambiri ndithu pamsika ndi nkhondo. Isanayambe nkhondo yapachiweniweni mu 1861 asilikali a boma anali cha m'ma 16,000 basi, koma pofika 1865 amuna opitirira 2 miliyoni anali atadutsa mu usilikali wa mbali ya kumpoto. Ma ofesala anachuluka ndipo Lincoln ankakhala pansi nkusaina milumilu ya mapepala amenewa. Nchifukwa chake komishoni imakhala yotsikirako mtengo poyerekeza ndi kalata yomwe analemba yekha kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tsopano mukabwerera ku shopuko, pemphani kuti achotse pepalalo mu felemu. Akakana ndiye nkhani yathera pomwepo, tulukani. Kuseri kwa galasi chilichonse chimaoneka chokongola. Akachotsa, choyamba onani kuti ndi chiyani chomwe analembapo. Ma komishoni a asilikali a nthawi ya Lincoln sanali pa pepala wamba, anali pa chikopa cha nyama chopalidwa mpaka kupyapyala, kukula kwake pafupifupi masentimita 40 uku 50 uku. Chikopa mukachigwira chimakhala cholimbirako, chosalala ngati chili ndi kamafuta pang'ono, sichigona fulati, chimakhala ndi timafunde, ndipo mbali ziwirizo sizifanana ndendende mtundu wake. Mtundu wake nthawi zambiri ndi woyererako kapena wachikasu pang'ono. Mukaona chipepala chabulawuni kwambiri chokwinyikakwinyika paliponse ngati chinapsa m'mphepete, dziwani kuti ndi zija amagulitsa m'mashopu a ku ma museum zoti alendo azikumbukira ulendo, zimapangidwa dala kuti zizioneka zakale ndipo mtengo wake ndi madola ochepa chabe. Chenicheni chimakhala ndi mizere yopindidwa yooneka bwino, chifukwa ankachipinda kangapo pochitumiza kwa mwini wake yemwe mwina anali ku msasa wankhondo, ena ankachisunga mthumba kapena mu kachitini.

Chachiwiri tengani kagalasi kokulitsa zinthu, kaja amagwiritsa ntchito okonza mawotchi, kokulitsa ka 10 ndi kokwana. Yang'anani malo omwe kalaliki analemba ndi dzanja ndi pa masiginecha. Inki ya nthawi imeneyo inali ndi chitsulo mkati, ikakalamba imasanduka yabulawuni, ndipo pa chikopa siilowa mkati ngati mmene imachitira pa pepala, imangokhala pamwamba. Ndiye pa siginecha yeniyeni muona malo ena inki yakhuthala, makamaka pomwe cholembera chinangochoka kumene mu botolo, kenako ikupyapyala pamene chikuuma, malo ena yadumpha pomwe chikopa chinali choterera, ndipo pomwe mzere wopinda wadutsa pa chilembo inkiyo imakhala itasuluka kapena kuthetheka pang'ono. Nsonga ya cholembera chachitsulo imatseguka munthu akasindikiza potsika, ndiye mzere wotsika umanenepa, wokwera umaonda. Mukaona timadontho tating'onoting'ono tamitundu pansi pa kagalasiko ndi printa imeneyo. Mukaona kuti inki ya siginecha ndi yofanana ndendende ndi ya mawu osindikizidwa, yakuda mofanana paliponse, ndi kope. Ndipo mukaona inki yosathetheka itadutsa pamwamba pa mzere wopinda nkumwazikira m'mbali ngati tinthenga, zikutanthauza kuti munthu analemba pepala litapindidwa kale litakalamba kale, imeneyo ndi siginecha yowonjezera.

Palinso china chomwe chimandipweteka mtima ndikachiona. Siginecha yeniyeni ikazilala, ena amatenga cholembera nkuibwereza pamwamba kuti ioneke bwino. Amaganiza kuti akuthandiza koma aononga, mtengo umagwa kwambiri. Pansi pa kagalasi muona mizere iwiri, wina wozilala pansi wina wakuda pamwamba, osagwirizana bwino m'makona.

Za dzina lenilenilo, Lincoln m'makalata ake ankasaina A. Lincoln, koma pa mapepala a boma ngati awa ankalemba dzina lonse, Abraham Lincoln. Ndiye lanulo pamenepa ladutsa. Komishoni yokhala ndi A. Lincoln ikanandidabwitsa.

Apa tsopano ndi pomwe ine ndimakondapo kwambiri, madeti. Stanton analowa unduna wa zankhondo mu January 1862, m'malo mwa Simon Cameron yemwe anayamba ndi Lincoln mu March 1861. Ndiye 1862 ndi Stanton zikugwirizana, koma mukapeza Stanton pa pepala la 1861 pali vuto. Likanakhala la asilikali apamadzi dzina lachiwiri likanakhala la Gideon Welles, ndipo zithunzi zake zimakhala za kunyanja osati za mizinga ya pamtunda. Kenako werengani mzere wa deti mpaka kumapeto. Anthu a ku America ankalemba chaka kawiri, chaka cha Ambuye wathu kenako chaka cha ufulu wa dziko lawo, kuwerenga kuyambira 4 July 1776. Chaka cha ufuluchi chimasintha pa 4 July osati pa 1 January. Ndiye pepala la pakati pa January ndi 3 July 1862 liyenera kunena chaka cha 86, la kuyambira 4 July 1862 liyenera kunena cha 87. Chikalata chomasula akapolo chija cha pa 1 January 1863 chimanena cha 87, mukhoza kuyesera masamu anu pamenepo. Makalaliki nawo anali anthu ankalakwitsa mwa apo ndi apo, ndiye kulakwika kumodzi sikupha pepala, koma kumakupatsani chifukwa choyang'anitsitsa zina zonse.

Pakona ya pamwamba kumanzere pamakhala timawu ta ofesi ya Adjutant General, yomwe inkasunga mabuku a asilikali, tonena buku ndi tsamba lomwe komishoniyo inalembedwamo, nthawi zambiri ndi inki yofiira, ndipo pa nthawi imeneyi dzina lomwe mumalipeza kwambiri ndi L. Thomas, ameneyo ndi Lorenzo Thomas. Pamakhalanso chidindo cha unduna wa zankhondo, kapepala kozungulira komatidwa, kawirikawiri kabuluu, kokhala ndi zithunzi zotukuka zoti mukhoza kuzimva ndi chala. Pa kope chidindocho chimakhala fulati, chongojambulidwa. Nthawi zina chidindo chinagwa kalekale koma pamatsala chizindikiro pomwe chinali, zimenezo si zachilendo.

Mukamaliza zonsezi, lembani dzina la ofesalayo, udindo wake ndi gulu lake, mupite nazo kunyumba. Munthuyu analipodi? Pali buku la Francis B. Heitman lomwe linatuluka mu 1903, muli mayina a ma ofesala a gulu lankhondo la America kuyambira 1789 ndi madeti omwe anakwezedwa, ndipo likupezeka ulere pa intaneti. Mabuku a zokambirana za Senate nawo ali ndi mayina omwe pulezidenti anatumiza kuti avomerezedwe. Deti la pa pepala ndi la m'mabukumo zikagwirizana, mtima uyambe kukhala pansi. Ndipo apa mpomwe kusaka kumayamba kukoma, chifukwa mumayamba kumudziwa munthuyo, anabadwira kuti, anamenya nkhondo ku Shiloh kapena ku Antietam, anabwerera kwawo kapena anafera komweko. Ine kwa ine pepala limeneli ndi la iyeyo kuposa la Lincoln. Lincoln analigwira kwa masekondi ochepa nkutenga lina, koma mwini wakeyo analisunga moyo wake wonse, ana ake nkulisunganso. Ngakhale pamsika zimaoneka, ma komishoni awiri osainidwa tsiku limodzi akhoza kusiyana mtengo kutali kwambiri chifukwa wina ndi wa munthu yemwe anadzakhala jenerali wotchuka kapena anafera ku Gettysburg, winayo ndi wa msungichuma wa msasa yemwe sanamvepo kulira kwa mfuti.

Chinthu china choti muchidziwe chifukwa ogulitsa ena amasokoneza nacho anthu. Si ofesala aliyense wa nkhondo imeneyi amene anali ndi komishoni ya Lincoln. Magulu ambiri anali a anthu odzipereka ochokera m'ma state, ndipo ma ofesala awo ankalandira komishoni kwa gavanala wa state yawo. Kwanu ku Indiana gavanala wa nthawi yankhondo anali Oliver P. Morton, ndi amene ankasaina za magulu a Indiana, kuphatikizapo Benjamin Harrison yemwe anatsogolera gulu la 70th Indiana kuyambira 1862 nkudzakhala pulezidenti mu 1889. Ndiye pepala likamati kaputeni wa gulu la odzipereka la Indiana kapena Ohio koma pansi pali Lincoln, funsani mafunso ambiri. Za Lincoln zimakhala za gulu lokhazikika la boma, za majenerali, ndi za ma ofesala ena othandiza ngati oona za chakudya, katundu, malipiro ndi madokotala ena.

Msampha wina waukulu ndi deti la 13 March 1865. Nkhondo ikutha boma linapereka maudindo aulemu ochuluka kwambiri kwa ma ofesala, ndipo ambiri analembedwa kuti udindowo uyambire pa deti limeneli. Munthu akaona March 1865 amati eya, Lincoln anali moyo, poti anawomberedwa pa 14 April ku Ford's Theatre nkumwalira m'mawa wa pa 15. Koma mapepala ake enieniwo anadzatuluka pambuyo, mu 1866 ndi 1867, ndipo dzina lomwe lili pansi ndi la Andrew Johnson. Ndiye Johnson naye ali ndi nkhani yake. Anavulala mkono wamanja pa ngozi ya sitima mu 1857, ndipo ali pulezidenti ma komishoni ambiri anawadinda ndi chidindo cha siginecha yake m'malo mosaina. Chidindocho chimapusitsa anthu mpaka lero. Mukayika awiri pamodzi muona kuti akufanana chilembo ndi chilembo, kutalika kofanana, kupendekeka kofanana, pomwe dzanja la munthu silibwereza chimodzimodzi kawiri. Pepala lodindidwa ndi lenileni ndithu, ndi mbiri yabwino, koma musalilipire mtengo wa siginecha ya dzanja.

Poti mwafunsa zotolera zambiri, samalaninso ndi mapepala a malo. Amafanana ndi ma komishoni, chikopa, chidindo, dzina la pulezidenti, ndipo ndi ochuluka zedi m'mashopu a ku Indiana, Ohio ndi Illinois chifukwa boma linagulitsa malo ambiri kumeneko. Koma mu 1833 Congress inalola kuti mlembi azisaina m'malo mwa pulezidenti pa mapepala a malo, Andrew Jackson atatopa nawo. Ndiye pepala la malo la pambuyo pa 1833 lokhala ndi dzina la Van Buren, Buchanan kapena Lincoln ndi dzanja la mlembi limenelo. Ma komishoni a usilikali ndiwo anapitirira kusainidwa ndi pulezidenti mwini wake kwa zaka zambiri, ndicho chifukwa chake otolera amawakonda. Zinadzasintha pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nthawi ya Woodrow Wilson, ma ofesala atachuluka kwambiri moti ambiri mapepala awo ankasainidwa ndi akuluakulu a ku unduna basi. Kenako kunabwera makina osainira, omwe pofika nthawi ya Kennedy anali akugwira ntchito kwambiri. Ine ndikanati oyamba kumene akhale pakati pa 1800 ndi 1912, kumeneko ndi komwe zinthu zimamveka bwino.

Za kasetifiketi kaja. Setifiketi mphamvu yake ndi ya munthu amene waisaina basi. Aliyense wokhala ndi kompyuta akhoza kupanga yokongola ya m'mphepete mwagolide. Funsani kuti walemba ndani, ndipo chofunika kwambiri, ngati katswiri wina atadzanena kuti ndi feki, akubwezerani ndalama? Alembe pa lisiti, popanda malire a masiku. Ogulitsa enieni a mapepala akale amachita zimenezi osavuta. Makampani ngati PSA, JSA ndi Beckett amayeza masiginecha pamalipiro ndipo ambiri amawadalira, ngakhale anayambira kwambiri ku masiginecha a zamasewera, ndiye pa pepala la mtengo wotere ine ndimakonda kumvanso maganizo a munthu yemwe ntchito yake ndi mapepala a mbiri. Tumizani zithunzi zooneka bwino, kutsogolo ndi kuseri, ku nyumba ya okushoni ngati Heritage Auctions ya ku Dallas, RR Auction kapena Swann Galleries ya ku New York. Amayankha chifukwa akufuna katundu woti agulitse, ndipo akapanda kuonetsa chidwi ndi Lincoln wa 850 mwadziwa kale yankho.

Komanso musaganize kuti ukale wa chinthu ndi umboni. Ma feki ena ndi akale kuposa agogo athu. Robert Spring ankapanga za George Washington m'zaka za m'ma 1800, Joseph Cosey ankapanga za Lincoln m'ma 1930 pogwiritsa ntchito mapepala akale enieni, ndipo ntchito zawo zikuzungulirabe. Ndiye mawu oti chakhala m'banja mwathu zaka 80 ndi abwino kumva koma sakutseka nkhani.

Inu muli ndi mwayi womwe ambiri alibe chifukwa cha komwe mukukhala. Lincoln anakulira ku Indiana komweko, ku Spencer County, kuyambira 1816 mpaka 1830, ndipo chuma chachikulu cha mapepala ndi zinthu zake chomwe chimatchedwa Lincoln Financial Foundation Collection chinagawidwa pakati pa Allen County Public Library ku Fort Wayne ndi Indiana State Museum ku Indianapolis. Pitani mukaone zenizeni ndi maso anu. Diso limaphunzira poona zenizeni zambiri, osati poona ma feki, ndipo mukaona khumi kapena makumi awiri, yabodza imayamba kukukanani yokha musanadziwe nchifukwa chiyani. Masamba a nyumba za okushoni alinso ndi zithunzi za zomwe anagulitsa kale pamodzi ndi mitengo yake, mukhoza kukhala usiku wonse mukufananiza.

Ndiye muyambire pati ndi madola anu 850? Ine ndikanayamba ndi William McKinley. Nkhondo ya America ndi Spain ya 1898 inatulutsa ma komishoni ambiri, ndi okongola, inki yake nthawi zambiri ikadali yowala, ndipo mtengo wake munthu wogwira ntchito wamba akhoza kuufikira. Grover Cleveland, Benjamin Harrison ndi Taft nawonso sakhala okwera kwambiri. Za gavanala Morton ndi zotsikanso kuposa pamenepo ndipo zikukhudza dera lomwe mukukhala, mwina manda a ofesalayo ali mtunda wa ola limodzi kuchokera kwanu. Mukazolowera ndiye muyambe kusaka zija zokhala ndi mayina awiri olemera. Komishoni ya Theodore Roosevelt ya pakati pa 1904 ndi 1908 imatha kukhala ndi William Howard Taft ngati nduna ya zankhondo, ma pulezidenti awiri pa chikopa chimodzi. Ya Franklin Pierce, 1853 mpaka 1857, imakhala ndi Jefferson Davis, yemwe patangopita zaka zochepa anadzatsogolera mbali ya kummwera yomwe inaukira boma, ndiye taganizani ofesala wonyamula pepala losainidwa ndi Davis akupita kukamenyana ndi asilikali a Davis yemweyo. Ya Chester Arthur imakhala ndi Robert Todd Lincoln, mwana wa Lincoln, yemwe anali nduna ya zankhondo kuyambira 1881 mpaka 1885. Ya James Monroe imakhala ndi John C. Calhoun.

Ena amafuna kukhala ndi pulezidenti aliyense, mmodzi mmodzi. Ndi maloto abwino koma pali makoma awiri. William Henry Harrison anakhala pampando mwezi umodzi wokha, 4 March mpaka 4 April 1841, zomwe anasaina ali pulezidenti ndi zowerengeka ndipo zikatuluka amalimbirana ndi anthu a ndalama zeni zeni. James Garfield analowa mu March 1881, anawomberedwa pa 2 July, nkumwalira pa 19 September, nayenso zake ndi zochepa. Washington ndi nkhani ina. Ndipo mukamva kuti komishoni ya 1776 yosainidwa ndi pulezidenti, ameneyo ndi John Hancock, pulezidenti wa Continental Congress, msonkhano womwe unkatsogolera America pomenyera ufulu, yemwe anasainanso komishoni ya Washington mwini wake mu June 1775. Ine ndimaona kuti kusankha nkhondo imodzi, gulu limodzi kapena state imodzi kumapatsa munthu chinthu chomveka kuposa kuthamangitsa mndandanda.

Pa nkhani ya phindu ndinene mosabisa, musalowe umu ngati geni. Ku okushoni wogula amawonjezera pafupifupi kota ya mtengo pamwamba pa womwe wapambana nawo, pogulitsa nawonso amadula yawo, kuphatikiza kutumiza ndi inshuwalansi. Kuti mubweze zonsezo pamafunika zaka. Ndipo chonde, musadzadule siginecha pa pepala. Alipo omwe amatero, amadula dzina la pulezidenti nkulimata pa kakhadi kapena pansi pa chithunzi chifukwa limagulika msanga, dzina la msilikali uja nkutayidwa. Chinthu chomwe chapulumuka zaka 160 kuonongedwa ndi sizasi mphindi imodzi, zimandinyansa kwambiri.

Ubwino umodzi wa ma komishoni ndi woti ankaperekedwa kwa munthu kukhala ake, ndiye kukhala nawo si mlandu. Koma kuba m'nyumba zosungira mbiri kumachitika, mu 2011 Barry Landau anagwidwa ku Baltimore ataba mapepala ku Maryland Historical Society ndipo anakalowa kundende. Mukaona chidindo cha laibulale kuseri kapena malo ofufutidwa pomwe panali nambala, funsani kuti chinatuluka bwanji.

Mukadzagula, kusunga ndi komwe ambiri amagwa. Chikopa chimachita ngati cha ng'oma, kukakhala chinyezi chimafewa nkutambasuka, chikamva kutentha chimakungika, ndipo kukungika ndi kumasuka kumeneku kukamachitika mobwerezabwereza inki ija yomwe ili pamwamba imayamba kuthetheka. Ndiye osachiika ku basement, osachiika kudenga, osachipachika pafupi ndi hita kapena pakhoma lomwe dzuwa limafikapo. Chipinda chomwe inu mumakhalamo bwino osatuluka thukuta, chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndi chokwana. Kuwala kumazilalitsa inki ndipo ikapita yapita, ndiye njira yabwino ndi kujambula kope yabwino nkupachika imeneyo, chenichenicho chigone fulati mu foda yopanda asidi mu bokosi. Ngati mukufunadi chenicheni pakhoma, galasi likhale lotchinga UV, chisakhudze galasilo, ndipo wopanga felemu asachimate ndi guluu pa bolodi. Gwirani ndi manja osamba ouma bwino. Timafunde tija tisiyeni, osayesa kusita ndi simbi, chikopa chikapsa chimakhwinyata osabwereranso. Selotepi ayi. Ndipo chizolowezi chathu chija cholamineta setifiketi iliyonse ya MSCE chisafike pano, pulasitiki yotenthayo ikamatirira palibe katswiri angaichotse bwinobwino ndipo mtengo umathera pomwepo.

Ngati tsiku lina mudzaganize zobwerera nacho kumudzi, chikwere nanu mu ndege m'chikwama cha m'manja, chili fulati pakati pa mabolodi awiri olimba, osachikulunga komanso osachiika mu kontena yomwe imakhala miyezi panyanja ndi padoko. Kumudziko adani ndi chinyezi cha dzinja chomwe chimabweretsa chuku, kutentha kwa October, mphemvu ndi mbewa zomwe zimakonda chikopa. Bokosi lotseka bwino, timapaketi ta silika toyamwa chinyezi tosinthidwa pafupipafupi, pa shelefu yotalikira pansi ndi khoma lakunja, ndipo muzilitsegula mwezi ndi mwezi nthawi ya mvula kuona ngati sipanayambe timadontho.